Mtsempha wa Christabel

Lamba anali atathina kale pamkono wa Christabel pamene a Beenzu, amai oyeza magazi mu labu ya chipatala china ku Petauke, anayamba kufotokoza.

"Tiyeza puloteni imene imagwila mahomoni m'magazi. Ikapezeka yochuluka kapena yochepa, adokotala adziwa poyambila kufufuza chimene mimba ikukanila. Koma mapilitsi olela amaikweza kwambili, ndipo makina sabisa. Pali mankhwala amene mukumwa, amai?"

"Samwa kalikonse," anamuyankhila amuna ake, a Wilbroad, ali chilili pakhomo, chipewa chili m'manja. "Zaka zonsezi tikungodikila mwana."

Maganizo a Christabel anathawila kwawo ku Nyampande, ku kapaketi ka mapilitsi olela kamene anakatsomeka m'udzu wa denga la khitchini.

A Beenzu anayang'ana mtsempha, anayang'ana nkhope, kenaka anaika jekeseni pambali.

"Bambo, njinga yanu ija yatseka njila ya ambulansi. Kaisuntheni."

Chitseko chitatsekeka, a Beenzu anatsitsa mawu. "Ndibaye, kapena tinene kuti mtsempha wasowa lelo?"

Pawindo Christabel anaona amuna ake akukankhila njinga pamthunzi. Ataiimika, anakonzanso chitenje chimene anamupindila pakaliyala m'mamawa kuti mabampu asamupweteke, n'kumachisisita ndi dzanja mpaka chinasalala.

Christabel anawongola mkono, n'kufumbata dzanja.

"Bayani," anatelo. "Ndipo akabwela, mundifunsenso funso lija."