Dzina la Wamoyo pa Chiliza

Panali mayi wina, telala, amene anakwatiwa ndi bambo wofedwa. Bamboyo atamwalira anaikidwa pambali pa mkazi wake woyamba, chiliza chimodzi, maina awiri. Pansi pa dzina la mkaziyo panalembedwa kuti "Mkazi wake wokondedwa." Mawu atatu amenewa ankamudya telala ngati chiswe. Zaka khumi ndi zisanu akuchapa, akuphika, akudwazika, koma mwala ukutchula wina.

Anapita kwa mmisiri amene anasema chilizacho.

"Fufutani dzina lija, mulembepo langa."

"Mayi, lamulo sililola," anatero mmisiri. "Zolembedwa pachiliza sitikhudza popanda chilolezo cha ofesi ya manda, ndipo mwana wa malemu ayenera kusaina. Komanso dzina la munthu wamoyo pogona wakufa? Ine ayi."

Mwana wa malemuyo anali namwino, ndipo iye ndi telala ankangopatsana moni wapakamwa. Telala anati kupempha saini kwa mwana womupeza, bola kufa. Mawu ena ndi osatulutsa pakamwa.

Lachiwiri masana, akutuluka pachipata cha manda, anapeza bambo wina atakhala pamthunzi, nyundo ndi tchizulo zili pamiyendo. Fumbi la mwala linali mbuu mpaka m'nsidze.

"Mukufuna kusintha mwala," anatero bamboyo. Sikunali kufunsa.

"Nanga mapepala?"

"Ine sindifunsa mapepala. Ndimangolemba."

Telala sanafunse kuti bamboyo ndani, kapena wadziwa bwanji. Atayamba kutchula tsiku lake lobadwa, bamboyo anamalizitsa yekha. Munthu wanzeru akanathawira pomwepo, koma nsanje ilibe makutu.

Lachisanu anapita kukaona ntchito. Dzina lake linalipo, losemedwa mokongola. Tsiku lobadwa linalipo. Kenako kamzere, ndipo kutsogolo kwa kamzereko kunalembedwa kuti 9 Okotobala. Poyenera chaka panali posalala.

Anapita kukafunsa kuchipata. Mlonda wa pachipata anati sabata yonseyo sanamve kulira kwa nyundo, ndipo munthu wa maonekedwe amenewo sanamuonepo. Telala anathamangira kwa mmisiri woyamba uja.

"Fufutani, ndapota nanu."

"Lamulo ndi lomwe lija, mayi. Mwana asaine."

Bondo la telala lomwe linkakana kupinda linapinda pamaso pa namwino, m'khonde la chipatala, odwala akuonerera.

"Mwanangu, ndinalakwa. Ingosaina, afufute."

"Mayi, ndinakanena kale kupolisi," anatero namwino. "Akuti mwala ndi umboni, palibe woukhudza mpaka mlandu uthe, ngakhale ine nditasaina." Anapukuta misozi ndi mkono. "Dzulo ndinapita ndi maluwa kwa amayi anga. Ndinapeza inu."

Patatha milungu iwiri chisamani chinafika. Telala anachiwerenga kamodzi n'kukhala pansi. Tsiku la mlandu linali 9 Okotobala.

Kuyambira pamenepo anasiya kudya. Makasitomala ankabwerera ndi nsalu zawo, poti manja ake sankathanso kulowetsa ulusi m'singano. Anali ndi mantha osaneneka, ndipo analibe wouza, chifukwa aliyense amene akanamumvera chisoni anali atamuchenjeza kale.

Tsikulo khoti linadikira mpaka masana, woimbidwa mlandu osaoneka. Anansi atathyola chitseko anamupeza atakhala pamakina ake, atavala zopitira kukhoti, phazi lili pachopondera. Anali atazizira kale.

Namwino pochoka kukhoti anadzera kumanda, asanamve za maliro. Chaka chinali chitalembedwa. Fumbi la mwala linali likadali pansi, mphepo isanaliuluze.

Phunziro: Chiliza si khoma lapanyumba panu. Zolembedwapo musasinthe popanda chilolezo cha oyang'anira manda ndi abale onse, chifukwa lamulo limene mukulizemba lero ndi lomwe lidzakutsekereni khomo mawa. Ndipo mlendo amene safunsa mapepala, inu mufunseni kuti wachokera kuti. Tumizani nkhaniyi kwa abale anu, makamaka mabanja amene akukanganirana maina a malemu.