Chotupa cha ku Porto

"Chafanso, amayi," anatero Lénia pa telefoni.

"Aleluya!" anafuula Dona Suzete.

"Ayi, amayi! Osati chanucho. Chathu chakuno."

Lénia, mwana wawo, ankagwira ntchito yofufuza za khansa ku Porto, mzinda wa ku Ulaya. Madokotala atadulako kanyama ka chotupa cha m'bere la mayi ake, iye ankathira maselo ake m'makina osindikiza. Makinawo ankaumba chotupa china m'kambale, chozingidwa ndi minofu monga m'thupi, choti ayeserepo mankhwala. Koma chinkafa asanayambe n'komwe.

"Chikapanda kukhala ndi moyo, sitidziwa mankhwala okuchizani, amayi."

Dona Suzete anazungulirazungulira m'nyumba mwawo ku Namacula. Akakhala pansi, ankanyamukanso. Kodi si iwo amene anapempha amayi akwaya kusala kudya, kuti chotupacho chife kulikonse kumene chili?

Anafunda nsalu ya kapulana, nakwera njinga yamoto mphepo ikuwabaya, ulendo wa ku igireja, tchalitchi chawo.

"Abale anga, mwapemphera mopyoza! Mwakafika mpaka ku Ulaya!"

Atawafotokozera, amayiwo anayang'anana. Dona Lídia, wotsogolera nyimbo, anagwada, onse namutsatira.

"Atate wakumwamba, Inu munasiyanitsa makomo a Aisraeli ndi a Aejipito. Timvetseni bwinobwino lero. Cha ku Porto chikule, chinenepe. Cha ku Namacula chokha ndicho chife."

"Ameni," anavomera onse.

Dona Suzete anatsegula diso limodzi.

"Mana Lídia, tchulaninso nambala ya nyumba."