A Gilson Anagulitsa Nyumba za Abemberezi

Panali munthu wina konkuno ku Zomba, dzina lake a Gilson, ndipo anzanga nkhaniyi ndi yoona, muwerenge mpaka kumapeto chifukwa mathero ake ndi okoma zedi!

A Gilson amalima magalagadeya m'munsi mwa phiri, m'mbali mwa kamtsinje kochokera pamwamba. Akazi awo, a Eva, amagulitsa zipatsozo pamsewu wokwera kuphiri. Banja lonse limadalira munda umenewu basi.

Tsono kunachitika msonkhano waukulu. A zankhalango, ophunzira a ku yunivesite, ocheka matabwa, ogulitsa zipatso, onse anakhala pansi n'kuyala mapu a phiri lonse. Anagwirizana kuti apa paini, apa njira yotchinga moto, apa pakasupe osakhudza. Koma mfundo yaikulu inali ya mzere wa mitengo yachilengedwe wotsata kamtsinje kaja, kuchokera kunkhalango ya pamwamba mpaka kuminda ya kumunsi, kuti mbalame, njuchi ndi tizilombo tina tiziyendamo. Aliyense wa munda wogundana ndi mzerewo asamale gawo lake. Gawo la a Gilson linali pakati penipeni.

A Yvonne, mlangizi wa zankhalango, anachita kuwaitanira pambali.

"Bambo Gilson, zipika zouma zili kwanu zija musachotse. Muli abemberezi."

"Abemberezi? Zinjuchi zakuda zoboola mitengo ya denga zija? Mayi, sukulu yonse ija mumaphunzira kuteteza zimenezo?"

"Ndi amene amanyamula mungu pa maluwa anu. Akachoka, zipatso zichepa."

"Chabwino, ndamva," anatero a Gilson, kumtima akuseka.

Sipanapite nthawi, kunabwera munthu wina wachilendo ndi lole. Amafuna nkhuni zootchera uvuni wa njerwa. Ataona zipika zija, maso ake anachita gwa!

"Achimwene, chuma chikuwolerani pakhomo ichi."

"Anatiletsa," anayankha a Gilson.

"Analetsa mtengo wauwisi. Wouma ngakhale azimayi amatola kuphiri, tikiti ya a zankhalango ili m'manja. Chinthu chakufa kale achiteteza kuti chisatani?"

A Gilson anaona kuti ndi nzeru ndithu. A Eva anayesa kuwagwira malaya.

"Bambo a Pempho, tinakweza manja tonse pamsonkhano paja."

"Ine ndinakwezera mitengo yamoyo. Mayi, tapitani kumsewu, makasitomala akudikira."

A Gilson atalandira ndalama, anyamata a lole anapakira chipika chilichonse. Kuti lole ifike pafupi anasenga tchire, n'kugwetsanso mitengo ina ati inayamba kale kuuma. Abemberezi ena anatuluka akulira, ambiri anapita kuuvuni ali m'kati momwemo. Pakati pa mzere paja panangoti mbee.

Nyengo ya maluwa itafika, iii, munda wa a Gilson unayera! Maluwa mbwee, anthu odutsa kumaima n'kumayamikira. Kenako maluwawo anayamba kuyoyoka. Lero pansi, mawa pansi, chipatso cha apo ndi apo. A Eva amapita kumsewu ndi beseni losafika ndi theka lomwe.

Si iwo okha. A Stephano, a munda wa kumunsi, anakwera ali thukuta kamukamu.

"A Gilson, mwathyola mlatho pakati, ndiye ife a kutsidya tidye chiyani? Kwanganso maluwa akugwa!"

A Gilson manyazi anawagwira. Anatsetsereka kukawapeza a Yvonne, chipewa chili m'manja. Mlangiziyo sanakalipe ayi. Anangotola nthenga ya nkhuku n'kuwapatsa.

"Antchito munawachotsa, ndiye ntchito yawo muigwire nokha. M'mawa duwa likatseguka, tengani mungu apa, pakani apa. Duwa lililonse."

"Munda wonse uja?"

"Wonse. Iwo aja sankadandaula."

Anzanga, mukanawaona! Bambo wamkulu ndi ndevu zake, kanthenga m'manja, kuwerama duwa ndi duwa. Azimayi otsika ndi mitolo ya nkhuni amafuula, "Mwadzuka bwanji a Bemberezi? Tangolirani pang'ono timve!" Msana unawawa, maso anachita chidima, koma zipatso zinagwirako zoti banja lisagone ndi njala.

Ndiye a Gilson anati basi, zakwana. Kwa a Stephano kunali mkuyu umene unagwa ndi mphepo. Awiriwo anaudula zipika n'kumazikweza paphewa, chimodzichimodzi, mpaka pamalo paja. Anadzalanso mbande za mitengo yachilengedwe. Kenako kudikira. Miyezi inadutsa, zii. Mvula inabwera n'kupita, zii. A Gilson anayamba kuganiza kuti nthenga ija adzakalamba nayo.

Koma sabata yathayi! A Eva akupita kukatunga madzi anaona utuchi pansi pa chipika, pamwamba pake kabowo kozungulira bwinobwino.

"Bambo a Pempho! Thamangani kuno!"

A Gilson anathamanga mpaka patapata imodzi inatsala m'matope. Atafika anamva kulira kuja, vuuu, ndipo chibemberezi chonenepa chinatuluka, n'kulunjika m'munda, n'kutera pa duwa. Pouluka msana wake unali wachikasu ndi mungu. Chinzake chinatsatira, kenako china!

A Gilson anavula chipewa n'kuwomba m'manja.

"Takulandirani mabwana. Ntchito yanu ija ndi yowawa, chonde itengeni."

Panopa maluwa asiya kugwa, timagalagadeya tayamba kulendewera, kwa a Stephano nakonso chimodzimodzi, ndipo a Eva ayamba kale kufunsa mtengo wa beseni lalikulu!

Phunziro: Phiri ndi limodzi, ukawononga kagawo kako wawonongera ndi anzako omwe. Zimene mwagwirizana pagulu musazisinthe chifukwa cha mlendo wa lole, iye akapita njala imatsala ndi inu. Ngakhale chipika chouma chili ndi eni ake. Tumizani nkhaniyi kwa anzanu onse, makamaka okhala m'mbali mwa phiri, asanagulitse zawo!