Katemera wa Banksia

Tusekile ankapesa msana wa hatchi yotchedwa Banksia, koma maso ake anali pageti. Kumeneko mayi Debbie, mwini mahatchi, ankanong'onezana ndi Dyna, mtsikana wa ku Zambia amene anangotulukira mwezi watha. Ankaseka. Tusekile anachita nsanje.

Chibwerereni ku Perth, akaweruka kuchipatala ku Nedlands komwe anali namwino, ankathamangira kukhola kuno, kuseri kwa Armadale. Ndi iye amene anaphunzitsa hatchiyi kuyenda mtunda wautali m'mapiri osafooka. Ndi iye amene ankaithira madzi dzuwa likaswa mtengo. Tsopano Banksia inali kupita kumpikisano waukulu ku Queensland, ndipo dzina lomwe linkamveka pakholapo linali la Dyna. Dyna anaiyeza msinkhu. Dyna ankaidyetsa makaroti kuti imuzolowere. Ngakhale tsiku lonyamuka ankalidziwa ndi Dyna. Nanga munthu angafunsenso kuti wokwera ndani?

Mayi Debbie anabwera nkhope ili khwinya.

"Tuse, dokotala wa ziweto akubwera mawa ndi katemera wa Hendra, matenda aja ochokera ku mileme. Okonza mpikisano sakulandira hatchi yosabayidwa, ndipo tikaphonya sabata ino ndiye kuti tachedwa. Koma anzanga ena akuti katemerayu amafooketsa hatchi. Iwe za jakisoni umazidziwa. Nditani?"

Tusekile ankadziwa chomwe akanayankha tsiku lina lililonse. Kuntchito ankakhalira kulimbitsa mtima anthu oopa katemera. Koma anacheuka n'kuona Dyna atatsamira mpanda ngati khola n'lake.

"Ndikanakhala ine sindikanaibayitsa, mayi," anatero mosaphethira. "Banksia ndi yanthete. Itati yatupa khosi n'kugona pansi, mpikisanowo ungakubwezereni hatchi?"

Mayi Debbie anasisita mphuno ya Banksia, misozi ikulengeza m'maso. Kenaka anatulutsa foni n'kuuza dokotala uja kuti asavutike kubwera.

"Basi, ulendo wafa," anatero, n'kulowera kunyumba.

Mtima wa Tusekile unakhala pansi. Ngati sakwera iye, asakwerenso wina. Anayamba kupesa mchira wa hatchiyo uku akung'ung'udza nyimbo ya kwaya, ndipo ataona Dyna akubwera anakonzeka kumupepesa ndi nkhope yachisoni.

Koma Dyna ndi amene anamukumbatira.

"Sisi, muli na mtima, mwe! Kutaya mwayi wotere chifukwa chokonda nyama?"

"Mwayi wanji? Wataya ndiwe."

"Ine? Ine n'nali chabe dalaivala wa lole yonyamula hatchi. Wokwera munali imwe. Ba Debbie anafuna akuuzeni mawa, ikangobayidwa."