Khoma la Pambali pa Masitepe

"Ika pansi hamalayo," anatero mkuluyo, chikwama cha paulendo chikadali m'manja.

Mng'ono wake sanacheuke n'komwe. Iye ndi mmisiri anali atagumula kale njerwa zam'munsi za khoma la pambali pa masitepe, ati pabalaza pakule.

Mkuluyo anayang'ana mzere wakuda umene dzanja la malemu amayi awo linasiya pakhomapo, poti ankagwira pamenepo akamatsika. Patatha zaka makumi awiri ali kunja, m'nyumba monsemo anazindikiramo chokhacho.

"Ndati khoma ili siligwa."

"Achimwene, miyendo itawakana amayi, ndinkawabereka ndine pa masitepe amenewa. Inu munkangotumiza zithunzi mutavala majasi."

Mkuluyo anaponya chikwama n'kumusasantha chibakera pakamwa. Anamugwira pakhosi, magazi akuyenderera m'zala, n'kumukankha ndi mphamvu zake zonse. Msana wa mng'onoyo unamenya khoma. Khomalo linagwedezeka, kenako linagwa lonse, fumbi koboo.

Mng'onoyo anadzuka pa mulu wa njerwa, nalavula dzino.

Mmisiri anavula chipewa n'kuchikutumula pabondo.

"Zikomo bwana," anauza mkuluyo. "Ifetu tinkati timaliza mawa."