Kabokosi ka Pakhonde pa a Gwaza

Chiluzireni mlandu wa munda, a Gwaza ankaopa alendo. Makina oweruza milandu kukhoti sanawatumize kundende. Anangolamula kuti pakhonde pawo pakhomedwe kabokosi chaka chathunthu. Munthu akangoti "Odi," kabokosiko kankayankha ndi mawu a eni nyumba, omwe aja a m'khoti: "Malire ndinasuntha ndine. Ndinalanda mizere khumi ya mkazi wa malemu mng'ono wanga."

Akazi awo anasamutsira mkeka pansi pa mtengo wa mango, kuti azichingamira alendo kunjira. Anansi anazolowera kungotsokomola m'malo moodira.

Loweruka lina masana, a Gwaza anasuzumira pazenera n'kuona Nasibeko, wamasiye uja, ataima pabwalo, dengu la chinangwa lili pamutu. Sanaodire. Anangoima dzuwa likumuwotcha, kudikira kuti wina amuone.

A Gwaza anatuluka atazyolika.

"Bwanji osaodira, alamu?"

"Ana anu ali m'nyumbamo, alamu. Amva zokwanira. Ndabweretsa kachinangwa aka."

A Gwaza anayang'ana chinangwacho, chokumbidwa m'mizere yomwe ija. Anavula chipewa, n'kutembenukira khomo lawo lomwe.

"Odi," anatero.