Ng'ombe ya Nyanga Imodzi

Chiwindi chinali chikadali pamakala pamene Isake anayamba kuphunzitsa anthu kawetedwe ka ng'ombe. Anakhala pakhonde la ofesi, peni ili kukhutu, jekete atamanga mabatani onse ngakhale dzuwa linkaswa mtengo. Antchito a m'munda wa tiyi anamuzungulira, aliyense ndi nthuli yake patsamba la nthochi. Ankamvetsera mwaulemu, poti nyama inali yaulere.

"Ng'ombe imafuna mutu," anatero Isake, akudzigogoda pachipumi. "Osati kungoitaya iziyenda m'minda ya eni."

Kunena zoona, kalalikiyu ng'ombe ankaidziwa. Anali nayo imodzi yaikazi, yogula kwa Angoni odutsa, ndipo ankaiweta mwaluso ali pampando. Mudzi wa mkazi wake Esteri, kumene ng'ombeyo inkakhala, unali kuseri kwa kaphiri, utsi wake unkaoneka uli pakhonde pomwepo. Koma masiku amenewo tiyi anali atangoyamba kugwira m'munsi mwa phiri la Mulanje, ndipo mzungu mwini mundawo sankafuna kalaliki wake asowe ngakhale Lamulungu. Chiyambire mvula Isake anali asanapondeko kumudzi. Malangizo ankapita pakamwa pa amtengatenga: aimwetse m'mawa, aipatse mchere, asaimenye. Omaliza anali aukali: kawauzeni mayiwo achitepo kanthu, chaka chino ndikufuna kamwana ka ng'ombe m'khola, zivute zitani. Pakuti ng'ombeyo inkadya ndithu, koma bere ayi, ndipo kuchikamwini anali atayamba kufunsa ngati ng'ombe za anthu ophunzira zimaberekera papepala.

Chomwe chinkamuwawa koposa anali Filipo, kapitawo wa m'mundamo. Naye anali ndi ng'ombe imodzi, yonyansa, yothyoka nyanga, yosamva khola. Koma inali ndi bere, ndipo Isake ankadwala nalo bere limenelo.

Ndiye m'mawa wa tsikulo, mlonda atafika ali wefuwefu kudzanena kuti ng'ombe ya nyanga imodzi ija yalowanso mu nazale ndipo yapondaponda mbande za tiyi, mtima wa Isake unavina. Bwana ankati aitsekere kaye, mwini wake adzaitenge atapepesa. Isake anapempha kuti alankhulepo, m'Chingerezi chake cha ku mishoni chija. Anati kukhululuka kumakulitsa mwano. Anati anthu akuno samva za pakamwa, amamva mfuti. Bwana anayang'ana mbande zake zili pansi, nalowa m'nyumba kukatenga mfutiyo.

Poitumbula ng'ombeyo itawomberedwa anapeza kamwana m'mimba, katamera kale ubweya. Isake anapukusa mutu ndi chisoni chachikulu, choti aliyense achione. Kenaka anasankha chiwindi.

Wodabwitsa anali Filipo. Sanalire, sanadandaule, sanapite n'kwa bwana komwe. Anangokhala patsinde pa mtengo n'kumakukuta nthiti, mafuta ali chuchuchu mpaka m'zigongono.

"Pepanitu a kapitawo," Isake anamuponyera mawu. "Kuweta si kwa aliyense."

"Zoonadi, a kalaliki," anayankha Filipo. "Tandipatsireniko kamchere."

Kudzilimbitsa chabe, Isake anatero mumtima. Akalirira kunyumba ameneyu. Ndipo anayamba kale kuona mmene mudzi wonse uzidzamulozera: uyo, mwini ng'ombe wanzeru, amene yake siinalowepo m'munda wa munthu.

Anali atangoluma chiwindi pamene Esteri anatulukira panjira ya kukaphiri, chingwe chili m'manja, miyendo ili matope okhaokha. Isake anagwidwa manyazi. Mkazi wa kalaliki safika pa ofesi ali chonchi, anthu akuona. Esteri anagwada chapatali, napuma kaye.

"Bambo, ndimati ndikuuzeni mukabwera, koma inu simubwera. Zija munalamula ndinachita. Ndinapereka ng'ombe yathu ndi mbuzi zanga zonse kwa a Filipo, iwo n'kutipatsa yawo ya bere ija. Tsono yathyola khola m'mamawa. Simunaione ikudutsa kuno?"